Ladiyeta ndi fani zowonjezera pa snowmobile yogwirira ntchito

Anthu amene sanayendetsepo snowmobile, galimoto yaing'ono yoyenda pa chipale chofewa yokhala ndi lamba kumbuyo ndi timatabwa totsetsereka totchedwa ski kutsogolo, amadabwa akamva kuti injini yake imatha kutentha mopitirira muyezo kunja kukuzizira madigiri 20 pansi pa ziro, koma aliyense amene anakokapo katundu wolemera pa njira yolimba, kapena kudutsa nyanja youndana imene mphepo inasesapo chipale chofewa chonse, amaidziwa bwino nyale yochenjeza imene imayaka kutsogolo ndi mmene injini imayambira kufooka. Ndikulemba za zipangizo zimene zimagulitsidwa m'bokosi limodzi pofuna kuthetsa vutoli, zomwe ndi ladiyeta yaing'ono, fani yamagetsi, mapaipi ndi mawaya, zopangidwa ndi kampani yosiyana ndi imene inapanga snowmobile. Zimene ndagwiritsa ntchito ndi za mtundu umene ogulitsa amati umakwanira pa snowmobile iliyonse, ndipo zili pa snowmobile ya injini ya two-stroke (imene imayatsa mafuta nthawi iliyonse pisitoni ikakwera) yoziziritsidwa ndi madzi, imene ntchito yake yaikulu ndi kukoka ngolo yotsetsereka yodzaza nkhuni komanso chida chosalazira njira. Zipangizozi zimagwiradi ntchito, koma ntchito imene zimagwirayo ndi yocheperapo kusiyana ndi imene yalembedwa pa bokosi, ndipo munthu wosazindikira malire akewo akhoza kupulumutsa injini n'kuwononga zina.

Kuti munthu aweruze bwino zipangizozi, ayenera kuyamba wamvetsa chifukwa chake ma snowmobile ambiri amatuluka kufakitale opanda ladiyeta. Snowmobile yoyamba ya mtundu wa Ski-Doo imene Joseph-Armand Bombardier anatulutsa ku Valcourt, m'chigawo cha Quebec ku Canada, mu 1959 inali ndi injini yaing'ono yoziziritsidwa ndi mpweya, ndipo injini zoziziritsidwa ndi fani zikadalipo mpaka lero pa ma snowmobile ena ogwirira ntchito. Koma injini zitayamba kukula mphamvu, ndipo zoziziritsidwa ndi madzi zitayamba kufala m'zaka za m'ma 1970, opanga anaona kuti choziziritsira chabwino koposa chili kale pansi pa makinawo. Pamwamba pa lamba wamkulu amene snowmobile imayendera pali chimango cha aluminiyamu chotchedwa tunnel, chimene mpando umakhalapo, ndipo kunsi kwa chimangocho kuli zitsulo zazitali zokhala ndi tinjira ta madzi m'kati, zimene amakaniko amazitcha heat exchanger. Madzi otentha ochokera m'injini amadutsa m'zitsulozi, lamba akamazungulira amaponyera chipale pa zitsulozo, chipalecho chimasungunuka n'kutenga kutentha, ndipo madzi amabwerera m'injini atazizira. Chilabala cholendewera kumbuyo, chimene ambiri amachiyesa chongotetezera amene akutsatira m'mbuyo, chimabweza chipale china kuti chigwerenso pa zitsulozo.

Njira imeneyi ndi yamphamvu kwambiri, ndipo manambala ake ayenera kukhala m'mutu mwa aliyense amene akuganiza zogula ladiyeta. Kilogalamu imodzi ya chipale ikamasungunuka imameza kutentha kokwana makilojoule 334, komwe n'kofanana ndi kumene kungatenthetse kilogalamu imodzi ya madzi kuchokera pa ziro kufika pafupifupi madigiri 80. Mpweya suyandikirako n'komwe. Ngakhale utalowa m'ladiyeta n'kutuluka utakwera ndi madigiri 40, pamafunika makilogalamu oposa 8 a mpweya, omwe ndi makiyubiki mita oposa 6, kuti achotse kutentha kumene kilogalamu imodzi yokha ya chipale ikanachotsa, pamene lamba woyenda m'chipale chofewa amaponya makilogalamu ambirimbiri m'kanthawi kochepa. Choncho ladiyeta yaing'ono yokwanira pansi pa boneti singalowe m'malo mwa zitsulo za pansi zija, imangozithandizira pamene chipale chasowa.

Chipale chimasowa m'njira ziwiri. Nthawi zina pansi pamakhala poti gwaa, kaya chifukwa njira inasalazidwa n'kuuma usiku wonse, kaya chifukwa ndi madzi oundana okhaokha, ndiye lamba alibe choti atole. Nthawi zina chipale chimakhalapo ndithu, koma snowmobile ikuyenda pang'onopang'ono ikukoka katundu, moti injini ikugwira ntchito yolemetsa pamene lamba akuzungulira mwaulesi osaponya kanthu. Ochita mpikisano wa ma snowmobile wa Iron Dog ku Alaska, umene unayamba mu 1984, amalidziwa vutoli makamaka m'dera lotchedwa Farewell Burn, kumene chipale chimakonda kuchepa, ndipo nyengo yozizira ya 2023 mpaka 2024 inachititsa eni ma snowmobile ambiri ku Minnesota ndi Wisconsin, ku United States, kukumana nalo chifukwa chipale chinagwa chochepa kwambiri. Makampani opanga nawonso amalidziwa, n'chifukwa chake ma snowmobile ena opangidwira kukoka katundu, monga Polaris Titan ndi mitundu ina ya Ski-Doo Skandic ndi Expedition, amatuluka kufakitale ali kale ndi ladiyeta ndi fani, monganso mmene Yamaha VK Professional inkatulukira. Mfundo imeneyi imanditsimikizira kuti lingaliro la zipangizo zowonjezerazi ndi lolondola. Funso lotsala ndi lakuti kodi bokosi limodzi lopangidwira snowmobile iliyonse lingafanane ndi chimene akatswiri anachikonzera malo ake kuyambira pachiyambi.

Ladiyeta imene ili m'bokosimo ndi chinthu chopangidwa bwino, ndipo pamenepa ndilibe chodandaula. Ndi ya aluminiyamu yokhayokha, yopanda mbali za pulasitiki zimene zimang'aluka kukazizira kwambiri, ndipo mizere imene anawotcherera ndi yosalala, yofanana kuyambira koyamba mpaka kothera, yopanda timabowo kapena timibulu tosonyeza kuti wowotcherera ankafulumira. Tizipsepse take topyapyala tinafika tili chilili, tosapindika, ndipo ukaiyang'anitsa kumene kukuwala kuwalako kumadutsa paliponse. Pamwamba pake pali kabawuti kotulutsira mpweya, kamene kamaoneka kachabechabe koma kamasiyanitsa ntchito ya tsiku limodzi ndi ntchito yosatha. Fani ndi ya mtundu wokokera mpweya kudutsa m'ladiyeta, ili ndi chotchingira chozungulira masamba ake chimene chimaikakamiza kukoka mpweya kudzera m'tizipsepse m'malo mongoutola m'mbali, ndipo mota yake ndi yomatidwa kuti madzi asalowemo.

Tizinthu ting'onoting'ono ndiye tikusonyeza kuti anatisonkhanitsa mopanda chidwi. Zomangira mapaipi ndi za mtundu wa sikulu, zimene zimagwira bwino tsiku loyamba m'galaja yofunda, koma paipi ya labala ikazizira imafota pang'ono pamene chomangiracho chimakhala mmene chinalili, ndiye m'mawa kumapezeka timadontho pansi pa boneti. Zomangira za sipuling'i, zimene zimafinya paipi mosalekeza kaya yafufuma kaya yafota, n'zimene zikanayenera kukhalamo. Zolumikizira mawaya ndi zongofinyira wamba zosamatidwa, ngakhale kuti pansi pa boneti ya snowmobile pamanyowa ndi kuundana mosinthanasinthana tsiku lonse. Zitsulo zomangirira ladiyeta ndi zathyathyathya zokhala ndi mabowo ambiri kuti munthu azipinde yekha, ndipo timalabala tochepetsera kugwedezeka munalibemo, chikhalirecho aluminiyamu yomangidwa mouma pa makina ogwedezeka chonchi imayamba kung'aluka pafupi ndi pamene anawotcherera. Kapepala ka malangizo kali ndi chithunzi chimodzi chosonyeza madzi akulowa uku n'kutulukira uko, osatchula n'komwe za thermostat, kachipangizo kamene kamatsegula njira ya madzi injini ikafunda. Zonsezi ndinazisintha kapena kuziwonjezera ndisanayambe ntchito, ndipo wogula aliyense aziwerengeretu ngati mbali ya ntchitoyo.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya malo. Pansi pa boneti ya snowmobile yamakono ndi pothinana, ndipo gawo lalikulu limatengedwa ndi paipi yonenepa ya ekizozi imene injini ya two-stroke singagwire ntchito bwino popanda iyo. Ladiyeta yoikidwa pafupi ndi paipi imeneyi imangopuma mpweya wotentha kale, moti fani ikhoza kulira tsiku lonse popanda chosintha. Pamafunika kuti mpweya uchokere kunja kudzera pa bowo lotchingidwa ndi sefa, ndipo pakhalenso njira yoti mpweya wotenthawo utulukire, apo ayi umangozungulira m'katimo n'kuyamba kutenthetsa lamba wa kilachi, lamba wina amene amapereka mphamvu ya injini ku lamba wamkulu, amene nayenso kutentha n'kumene kumamupha msanga. Kuboola boneti si chinthu chimene mwini snowmobile aliyense angavomere. Njira ina ndi kuika ladiyeta kumbuyo kwa mpando, pamwamba pa tunnel, kumene mpweya ndi wozizira nthawi zonse ndipo palibe choboola chachikulu, koma kumeneko mapaipi amatalika, malo onyamulira katundu amachepa, nthambi zimatha kuipeza, ndipo snowmobile ikagubuduka ladiyeta ndi imene imayamba kugunda pansi. Yanga ili kutsogolo, kumbali yotalikirana ndi ekizozi, chifukwa m'nkhalango zowirira chinthu chilichonse chotulukira kunja sichikhalitsa. Kwa munthu amene amayenda kwambiri pa nyanja zoundana kukawedza, kumene kulibe nthambi, kumbuyo kungakhale kwabwino kuposa kutsogolo.

Polumikiza mapaipi, ladiyeta iyenera kulandira madzi atangotuluka m'mutu wa injini n'kudutsa thermostat, asanapite ku zitsulo za pansi. Zifukwa zake ndi ziwiri. Ladiyeta imachotsa kutentha kochuluka pamene madzi ndi otentha kwambiri poyerekeza ndi mpweya, choncho kuipatsa madzi amene azizira kale pang'ono n'kuiwonongera mphamvu. Chachiwiri n'chakuti ikakhala kuseri kwa thermostat, injini yozizira imafundabe msanga monga mwa nthawi zonse, chifukwa madzi salowa m'ladiyeta mpaka thermostat itatseguka. Ndi bwinonso kuyeza kukula kwa milomo ya ladiyeta musanagule, chifukwa pampu ya madzi ya snowmobile ndi yaing'ono, ndipo mlomo wopapatiza kapena paipi yopindika mokhota kwambiri zimachepetsa madzi odutsa m'makina onse, moti munthu akhoza kuwonjezera ladiyeta n'kupeza injini ikutentha kuposa kale.

Kutulutsa mpweya wotsekeredwa m'mapaipi ndi ntchito imene siyenera kuchitidwa mothamanga. Mpweya umakwera kukakhala pamalo okwera kwambiri, ndipo ladiyeta yatsopano nthawi zambiri imakhala pamalo oterowo. Kathumba kamodzi ka mpweya kakafika pa pampu, pampuyo imangozungulira osakankha madzi, ndipo choopsa chake n'chakuti geji ikhoza kusonyeza kuti zonse zili bwino pamene mutu wa injini ukupsa, chifukwa choyezera kutentha chimene chazunguliridwa ndi mpweya sichiwerenga zoona. Munthu amakweza kutsogolo kwa snowmobile kuti pothirira madzi pakhale pamwamba pa china chilichonse, amathira madzi pang'onopang'ono, amamasula kabawuti kaja mpaka madzi atuluke opanda thovu, kenako amaliza injini akugwira zitsulo za pansi ndi dzanja kuti amve kufunda kukuyenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Ngati mbali imodzi yafunda ina ikadali yozizira, ntchito sinathe. Injini ikazizira madzi amatsika, ndipo munthu amathiranso ena. Chitsekerero cha pothirira madzi chisatsegulidwe injini ili yotentha, chifukwa madzi opanikizika amatumphuka n'kuwotcha nkhope ndi manja.

Kumbali ya magetsi, bokosilo silikuuzani chilichonse chimene chingakutetezeni. Fani yokoka ma ampere 5 pa ma volt 12 imadya mawati 60, pafupifupi ofanana ndi babu limodzi lakutsogolo, ndipo ikamayamba kuzungulira imakoka ochuluka kuposa pamenepo. Magetsi a snowmobile amachokera ku stator, jenereta yaing'ono ya m'injini, imene ili kale ndi ntchito yoyatsa nyale ndi kufunditsa zogwirira, ndipo imatulutsa mphamvu zochepa injini ikamalira pang'onopang'ono, yomwe ndi nthawi yeniyeni imene fani ikufunika. Pa snowmobile yanga, fani ikayaka injini ili pa liwiro lotsika nyale imazimirira pang'ono, ndipo kuzimitsa zofunditsira manja kumaibwezeretsa. Ma snowmobile akale opanda batire amakhala ndi magetsi a AC, osinthasintha mbali, a nyale zokha, pamene fani imafuna DC, oyenda mbali imodzi ngati a batire, ndiye pamafunika chosinthira magetsi chimene m'bokosimo mulibe. Pa ma snowmobile amakono amene mafuta ake amayendetsedwa ndi kompyuta, si nzeru kungodula waya wina uliwonse n'kulumikizapo fani. Njira yabwino ndi kutenga magetsi ku batire kudzera pa fyuzi ndi relay, switchi yoyendetsedwa ndi magetsi.

Chimene chinandikhumudwitsa kwambiri ndi switchi yoyatsa fani yokha madzi akatentha. Imene anaikamo ndi ya mtundu wa galimoto, ndipo injini ya galimoto imagwira ntchito madzi ali pa madigiri 80 kapena 90, pamene ma thermostat a injini zambiri za two-stroke za snowmobile amatseguka madzi asanafike n'komwe pa madigiri 60. Zotsatira zake n'zakuti fani imayaka injini itatentha kale kupitirira pamene imagwira ntchito bwino, kompyuta ili pafupi kuchepetsa mphamvu pofuna kuiteteza. Ladiyeta yaing'ono ilibe mphamvu zotsitsira msanga kutentha kumene kwakwera kale, mphamvu yake ili pa kuletsa kuti kusakwere. Switchi yoyatsa mochedwa imafooketsa zipangizo zonse zabwino zimene zili m'bokosimo, ndipo sindikumvetsa chifukwa chake wogulitsa zinthu za snowmobile angalekerere zimenezi. Ndinaikapo ina yoyatsa msanga, yogwirizana ndi thermostat ya injiniyo, pamodzi ndi switchi ya pamanja pafupi ndi chogwirira, kuti ndizitha kuyatsa fani ndikaona malo ouma kutsogolo ndisanawafike.

Zonsezi zitakonzedwa, kusintha kumene kulipo pa ntchito yokoka katundu n'kwakukulu ndithu. Kale, pokoka chida chosalazira njira pa liwiro la munthu wothamanga, geji inkakwera mosalekeza mpaka nyale yochenjeza itayaka, ndipo panalibe chochita koma kuima, kumasula katundu n'kukazungulira m'chipale chakuya, kapena kukokolola chipale ndi manja n'kuchiunjika pa tunnel ndi popondera mapazi. Tsopano geji imakwera, fani imayaka, ndipo singano imaima pamalo amodzi n'kukhala pomwepo ngakhale pokwera chitunda chachitali. Phindu lina limene sindinaliyembekezere lili pa kuima. Snowmobile yopanda ladiyeta ikaima injini ikulira imangotentherabe, chifukwa lamba sakuzungulira, ndipo ukaizimitsa ili yotentha madzi amasiya kuyenda, kutentha kwa zitsulo n'kusonkhana m'mutu wa injini. Ndi ladiyeta, kuima kanthawi injini ikulira pang'onopang'ono fani ikuzungulira kumatsitsa kutentha moonekeratu, ndiye munthu amatha kupakira nkhuni kapena kutsegula chipata popanda nkhawa. Kusiya fani ikulira injini itazima kulibe phindu lenileni, chifukwa pampu imayendetsedwa ndi injini, ndipo fani imangoziziritsa madzi ochepa amene ali m'ladiyetamo n'kumatha batire.

Pa madzi oundana okhaokha, munthu akamathamanga kwa mtunda wautali, nkhani imakhala ina. Injini imene ikutulutsa mphamvu zambiri imatulutsanso kutentha kochuluka kuposa kumene ladiyeta yaing'onoyi ingachotse, ndipo manambala a mpweya aja amaonekera poyera. Geji imakwera mochedwerapo kusiyana ndi kale, koma imakwerabe. Wogulitsa akamalemba kuti zipangizozi zimathetseratu kutentha kwa injini pamalo alionse, akunena zimene sizingatheke.

Pali chinthu china chimene bokosilo silitchula ngakhale pang'ono, ndipo ndikuchiona kuti n'chofunika kuposa zonse. Chipale sichiziziritsa injini yokha. Lamba wamkulu amatsetsereka pa mapulasitiki awiri aatali amene anamangidwa kunsi kwa zitsulo zonyamula snowmobile, amene ambiri amawatcha hyfax, ndipo chimene chimawafewetsa ndi kuwaziziritsa ndi chipale chomwecho. Pamalo ouma mapulasitikiwa amatentha, amayamba kununkha, amatha msanga, ndipo nthawi zina amasungunuka n'kumatirira ku tizitsulo ta lamba, moti munthu akaima snowmobile imakana kunyamukanso. Pa snowmobile yopanda ladiyeta, nyale yochenjeza ya injini imakakamiza woyendetsa kuima kapena kupatukira m'chipale chofewa, ndipo potero mapulasitiki nawo amapuma. Ladiyeta ikachotsa chenjezolo, woyendetsa amapitiriza ulendo ali wokhutira ndi geji pamene pansi pakupsa. Ndinayang'ana mapulasitiki anga pambuyo pa ulendo wina wodutsa nyanja, ndipo pafupi ndi pamene zitsulo zimakhotera kutsogolo m'mphepete mwake munali mutanyezimira ndi kufutukuka ngati kandulo yosiyidwa padzuwa, ngakhale kuti injini sinadandaule ulendo wonsewo.

N'chifukwa chake ndikuona kuti zokanda ayezi ziyenera kugulidwa ladiyeta isanagulidwe, osati pambuyo pake. Izi ndi timikono tiwiri ta sipuling'i kapena ta chingwe chachitsulo tokhala ndi nsonga yolimba, timene timamangidwa m'mbali mwa zitsulo zonyamula snowmobile zija kapena pa ma ski, ndipo tikatsitsidwa timakanda pansi n'kuwaza tizidutswa ta madzi oundana pa lamba, pa mapulasitiki ndi pa zitsulo zoziziritsira. N'zosavuta kuika, sizifuna magetsi, sizikhudza madzi a injini, ndipo zimathandiza mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Za sipuling'i zimakanda mwamphamvu koma zimatha kupindika munthu akabwerera m'mbuyo ataiwala kuzikweza, pamene za chingwe zimapirira kubwerera m'mbuyo koma zimakanda mopepukirapo. Kufooka kwa zonse ziwiri kuli pa liwiro lotsika, pamene zimawaza zochepa kwambiri, ndipo pamenepo m'pamene ladiyeta imaonetsa ubwino wake. Ziwirizi zimathandizana, chimodzi sichilowa m'malo mwa chinzake.

M'chipale chakuya ladiyeta ilibe ntchito, ndipo imabweretsa timavuto take. Chipale chouluka chimalowa pa bowo la mpweya, chimasungunuka pa tizipsepse, ndipo snowmobile ikagona panja madziwo amaundana n'kugwira masamba a fani, moti tsiku lotsatira fani ikafuna kuzungulira fyuzi imapsa. Ndi bwino kuzungulitsa masambawo ndi chala musanalize injini m'mawa, ndiponso kukhala ndi fyuzi yapadera m'thumba. Vuto lalikulu lingabwere kwa amene anachotsa thermostat poganiza kuti madzi aziyenda momasuka. Kukazizira kwambiri, ladiyeta pamodzi ndi zitsulo za pansi zimatha kuziziritsa madzi mopitirira, ndipo injini ya two-stroke ikapatsidwa moto wambiri silinda ikadali yozizira, pisitoni imafufuma msanga kuposa silindayo n'kugwira. Kuwonongeka kumeneku n'kofanana ndi kumene munthu ankathawa pogula ladiyeta. Thermostat ikhalepo nthawi zonse, ndipo m'masiku ozizira kwambiri bowo la mpweya likhoza kutsekedwa ndi kachivundikiro.

Popeza ladiyeta ndi mapaipi ake zimawonjezera malo ofunika kudzazidwa, munthu amafunika madzi ena oziziritsira injini, ndipo ayenera kukhala a mtundu umene uli kale m'makinamo, chifukwa mitundu ina ikasakanizidwa imataya mphamvu yake yoteteza zitsulo ku dzimbiri. Ethylene glycol wosakanizidwa theka ndi theka ndi madzi amaundana pafupifupi pa madigiri 37 pansi pa ziro, ndipo wosakanizidwa magawo 60 pa 40 amafika pafupifupi pa madigiri 52 pansi pa ziro. Ena amathira wosasakaniza poganiza kuti akuteteza kwambiri, koma wosasakanizayo amaundana pafupifupi pa madigiri 13 pansi pa ziro ndipo amanyamula kutentha kochepa kuposa wosakaniza. Madzi amenewa ndi poizoni ndipo amatsekemera, choncho otayikira pansi apukutidwe nthawi yomweyo, makamaka kumene kuli agalu.

Ndisanavomereze aliyense kugula zipangizozi, ndingamufunse ngati snowmobile yake inayamba yakhalapo yosatentha pa ntchito yomweyo. Ngati kale inkayenda bwino ndipo yangoyamba kumene kutentha, ladiyeta ingobisa matenda amene akukulirakulira. Chitsekerero chotopa sichisunga mphamvu yopanikiza madzi, ndiye madzi amawira msanga. Thermostat ikhoza kukanirira osatseguka mokwanira, masamba a pampu akhoza kutha, gasiketi ya mutu wa injini ikhoza kumalowetsa utsi m'madzi, ndipo misomali imene ena amaika pa lamba kuti agwire pa madzi oundana imatha kukanda kapena kuboola zitsulo zoziziritsira ngati palibe zotetezera. Pali ena amene anadula kapena kuchotsa chilabala chakumbuyo chifukwa cha maonekedwe, n'kumadabwa kuti injini ikutentha. Injini imene ikulandira mafuta ochepa poyerekeza ndi mpweya imatenthanso, ndipo imeneyo ladiyeta singaipulumutse, chifukwa pisitoni imapsa pamwamba pake madzi asanasonyeze chilichonse.

Mwini snowmobile yatsopano aganizirenso za waranti. Ku United States, lamulo la Magnuson-Moss la mu 1975 sililola kampani kuthetsa waranti pa chifukwa chokhacho chakuti mwini wake anaikapo chipangizo cha kampani ina, koma kampaniyo ikhoza kukana kukonza chimene chawonongeka ngati chipangizocho n'chimene chachititsa, ndipo injini imene yapsa chifukwa cha paipi yotayitsa madzi kapena mpweya wotsekeredwa imagwera m'gulu limeneli. Kulemera kwa ladiyeta, fani, zitsulo ndi madzi owonjezera sikumveka pa snowmobile yokoka katundu, koma wokwera mapiri amene amachotsa chilichonse cholemera pa makina ake angakumve kutsogolo, ndipo iyeyo amayenda m'chipale chakuya kumene sakufunikira ladiyeta n'komwe.

Amene angapindule ndi zipangizozi ndi osalaza njira za ski, okoka nkhuni ndi katundu wa kumisasa, otchera misampha amene amayenda n'kumaima pafupipafupi, ndi asodzi a pa nyanja zoundana, malinga ngati ali kale ndi zokanda ayezi ndipo amayang'ana mapulasitiki awo kawirikawiri. Ngati pali zipangizo zopangidwira mtundu weniweni wa snowmobile yanu, zokhala ndi zomangirira zokwanira m'mabowo amene alipo kale ndi mapaipi opindidwiratu, sankhani zimenezo m'malo mwa za mtundu wokwanira paliponse, chifukwa mavuto ambiri amene ndatchula amachokera pa kupinda, kuboola ndi kuyerekeza. Ngati palibe, funsani wogulitsa kukula kwa milomo ya ladiyeta, ma ampere amene fani imakoka, madigiri amene switchi imayatsira fani, ndiponso ngati ladiyeta ili ndi kabawuti kotulutsira mpweya, kenako muyerekeze mayankhowo ndi zimene zalembedwa m'buku la snowmobile yanu musanalipire.